Kope la a Zatheka

"Yafika, koma sikuyankha," anatero Wamagalasi, maso ali pa sikirini.

Mayi woyang'anira labu anaima pakhomo pa chipinda cha maseva, manja ali m'matumba a chovala chawo choyera. Chipindacho chinali chozizira, chopanda zenera, chodzaza ndi kulira kwa timafani.

"Za kufikazo mukauze anthu ali pabenchi paja," anayankha mayiwo. "Akudikira zotsatira za magazi awo kuyambira m'mawa. Ena abwera osalawa kanthu. Dokotala wandiimbira kale katatu."

Maseva a kiliniki imeneyi anali atatu, osanjikizana m'kabati yachitsulo, ogwira ntchito mothandizana. M'kati mwake munkakhala timakompyuta tosaoneka ndi maso: kena ka olembetsa odwala, kena ka kumankhwala, kena ka labu. Seva imodzi ikadwala, ankangosamutsira timakompyutato ku inzake, anthu osazindikira n'komwe. M'mawa umenewo seva yoyamba inayamba kukukuta, nyali yofiira ikuphethira. Wamagalasi anasamutsa zonse mwachangu kupita ku yachiwiri. Tina tonse tinadzuka n'kupitiriza ntchito. Ka labu kokha kanafika kamoyo koma kogontha, netiweki osaimva. Kubweza kunali kosatheka, pakuti seva yoyamba inali itazimiratu, ndipo yachitatu inali yodzaza kale.

Anazimitsa, anayatsa. Anasintha chingwe. Anagwada kuseri kwa kabati mpaka fumbi linamuyetsemulitsa. Pamapeto pake anavomereza zomwe mtima unkamuuza kale: vuto linali mu swichi, bokosi lomwe zingwe zonse zimakumaniramo. Ndipo mawu achinsinsi otsegulira bokosilo ankawadziwa ndi munthu mmodzi yekha, a Zatheka, amene anali ataikidwa m'manda masiku asanu ndi anayi apitawo.

Anagwira nawo ntchito zaka khumi ndi chimodzi m'chipinda chomwechi. Dzinalo analipeza chifukwa chilichonse chikakonzeka ankawomba m'manja kamodzi n'kunena kuti, "Zatheka!" Anali munthu wosakhulupirira kusunga zinthu m'kompyuta, ngakhale kompyutayo ndiyo inkamudyetsa. Zonse ankalemba m'kope lachikuto cholimba lomwe silinkachoka m'chikwama chawo.

"Bwera ndikuonetse swichi iyi," ankatero a Zatheka kawirikawiri.

"Mawa, akulu. Lero zathina."

"Zengerezu adalinda kwawukwawu, Wamagalasi. Ine sindine seva, sudzandisamutsa."

Ndiye ankaseka onse awiri.

"Ndipatseni ola limodzi," Wamagalasi anauza mayi a labu, akutenga makiyi a galimoto ya kuntchito.

Analunjika kunyumba kwa malemuyo. A Zatheka anagona m'chipatala chachikulu masabata atatu, iye osapondako phazi. Ntchito ya anthu awiri inali itamugwera yekha, n'zoona, koma panalinso mantha owaona atatha thupi. Pamaliro anaima kumbuyo, ndipo foni itanjenjemera m'thumba anazemba mwambo usanathe. Lero ndiye amapita kukagogoda pakhomo pa namfedwa, osati ndi chipepeso, koma ndi pempho.

Pakhonde panali padakali mipando yobwereka, yosanjikizidwa pafupi ndi khoma. Mkazi wa malemuyo anatsegula yekha. Anali ataonda, mpango wakuda uli kumutu. Pabalaza, pamipando ponse panali malaya a amuna awo, ena opinda kale, ena akudikira.

"Alamu," anatero Wamagalasi. "Mwaswera bwanji?"

"Taswera momwemu." Anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka pa khadi la kuntchito lomwe linkalendewera m'khosi mwake. "Mwabwera kudzandiona ine, kapena mwabwerera kope?"

Bodza linafika pamlomo, koma linakana kutuluka.

"Kope, alamu. Labu yaima. Odwala akudikira."

Mayiwo sanakwiye. Analowa kuchipinda n'kubwera nalo kopelo atalifungatira pachifuwa. Analitsegula okha cha kumapeto, n'kumupatsa. Zilembo za patsambalo zinali zokhotakhota, zotsetsereka, zosiyana ndi dzanja laudongo la masamba ena onse.

"Wamagalasi," linatero tsambalo, "ndinalakwitsa chinthu chimodzi. Bowo lachisanu ndi chiwiri la swichi, momwe mumalowa chingwe cha seva yachiwiri, sindinalitsegulire njira ya labu. Njirayo ndi nambala 40. Tsiku lomwe udzasamutsire labu kumeneko idzagontha, ndipo udzanditukwana. Mawu achinsinsi ali kuseri kwa tsambali. Zina ndikuuza ukabwera, dzanja latopa."

Wamagalasi anavula magalasi ake, nawapukuta ndi malaya, nawavalanso. Zilembozo zinkaonekabe ngati zili pansi pa madzi.

"Analemba Lachitatu," anatero mayiwo mwakachetechete. "Munawalonjeza pafoni kuti mubwera Loweruka. Loweruka m'mawa anandiuza kuti ndiwamete ndevu, ati mnzanga asandipeze ngati chitsamba. Ndinawameta. Anakhala tsonga, kope lili pamiyendo, maso kukhomo. Nthawi yoonera odwala itatha ine ndinayamba kudandaula, iwo n'kundiletsa. Anati, 'Usamunene. Ndiye kuti seva yavuta.' Anakuikirani kumbuyo mpaka kumapeto, alamu."

"Sinavute," anatero Wamagalasi. "Tsiku limenelo seva sinavute. Ndinafika pageti pa chipatala, ndinabwerera."

Mayiwo anatola shati imodzi n'kuyamba kuipinda.

"Pitani, anthu akudikira. Koma kopelo mubweze. Ndimo muli dzanja lawo lomaliza."

Atabwerera ku kiliniki anakhala pampando wa a Zatheka, womwe sanaukhudze chichokereni mwini wake. Analemba mawu achinsinsi aja, swichi inatseguka. Anapeza bowo lachisanu ndi chiwiri, nawonjezerapo nambala 40. Inali mizere itatu basi. Asanachotse n'komwe zala pa mabatani, anamva pulinta ya ku labu ikuyamba kulavula mapepala kuseri kwa khoma, ndipo wina pabenchi anaimba kamluzu kachisangalalo.

Mayi a labu anasuzumira pakhomo, nkhope itawala. "Koma ndiye ndinu katswiri! Mwachita bwanji?"

"Si ine," anayankha Wamagalasi osatembenuka. "Akonza ndi a Zatheka."

Mayiwo anayang'ana kope lomwe linali patebulo, anazindikira chikuto chake, ndipo anatseka chitseko pang'onopang'ono.

Masana onse Wamagalasi anakhala akukopera m'kompyuta tsamba ndi tsamba, chingwe chilichonse ndi komwe chimapita, kuti wina wodzabwera pambuyo pake asadzagogode pakhomo pa namfedwa. M'mphepete mwa masamba ena munali tinthu tina: saizi ya nsapato ya akazi awo, tsiku lomwe Wamagalasi anayamba ntchito, chithunzi cha kamunthu kamagalasi aakulu kuposa mutu. Izo sanakopere.

Nthawi yoweruka itakwana anaika foni ya kuntchito m'dirowa, nakhoma, n'kutuluka dzuwa lidakalipo.

Kunyumba kwa malemu kuja, mayi aja analandira kopelo ndi manja awiri. Ankayembekeza kuti atsanzika pakhomo pomwepo, koma iye sanasunthe. Ndiye mayiwo anasuntha malaya pampando umodzi, ndipo Wamagalasi anakhala pansi, manja ali pamaondo.

"Alamu," anatero, "ndiuzeni za masabata atatu aja. Muyambire tsiku loyamba. Musadumphe kanthu."

Mayiwo anapuma mozama, anaika kope pamiyendo pawo, nayamba kufotokoza.