Chiwindi cha Laxon

Lachiwiri limenelo Selestina anatunga madzi kawiri, anachapa yunifomu ya mwana wake Vimbai, anasesa pabwalo, anakasiya khanda kwa mlamu wake, kenako anapita kukaonana ndi Edmore, foromani wa pafamu. Ntchito yomalizayi ndi imene inavuta.

Mwamuna wake, Laxon, ankasonkheza moto m'mabani a fodya usiku, ndipo mphepo ankaithamangitsa ndi kachasu. Sabata yapitayo kuchipatala ku Chegutu anamuunika pamimba n'kupeza zipsera pachiwindi. Sisita ananena mosabisa: mowa usiyidwe tsiku lomwelo. Anatinso chiwindi chili ndi mitsempha yolumikizana ndi ubongo, ndipo ofufuza akuona kuti thupi likamakhala tcheru osapuma, mitsemphayo ingathe kuchulukitsa zipsera. Laxon ankafunika tulo kuti mbali yotsalayo idzikonze.

Selestina anakulira ku Tete, ndipo Chishona chake chinali chogulira tomato basi.

"Aforomani, bambo a Vimbai muwachotse usiku," anauza Edmore pakhomo la shedi. "Chiwindi chawo chatha."

Edmore anaseka mpaka kugwira khoma. M'Chishona, munthu wa "chivindi" ndi munthu wolimba mtima. Iye anamva kuti Laxon wayamba kuopa mdima.

Pofika masana komboni yonse inali itamva. "Alaxon, tikuperekezeni kuchimbudzi?" anakuwa Jacinto wa thirakitala.

Laxon anafika kunyumba. "Mayi a Vimbai, mwandivula pagulu. Zaka naini ndili pamoto, ine wamantha? Lero ndikubwerera kumabani."

"Mukabwerera, botolo likukudikirani komweko."

"Bola kufa kusiyana n'kusekedwa ndi Jacinto."

"Jacinto adzalera ana anu?"

Laxon anayamba kufunafuna majombo ake.

Selestina anatuluka, anagwira nkhuku yake yoikira mazira, naidula khosi. Anachotsa chiwindi, anachiika pasosala, n'kuyenda nacho mpaka kushedi, kumene anthu anali pamzere kulembetsa matikiti a tsikulo.

"Aforomani, ichi kwanu mumati chiyani?"

Edmore anasuzumira. "Chiropa."

"Kwathu ndi chiwindi. Ndicho ndimanena mmawa. Cha amuna anga chili ndi zipsera." Anakanda kanyamako ndi chikhadabo. "Onani, chabwino chimakhala chofewa chonchi. Chawo chayamba kuuma. Sisita akuti mkati umu mumadutsa mitsempha yochokera kumutu. Munthu akamakhala maso usiku wonse, khutu kumoto, mtima m'mwamba kuopa kuti fodya wa bwana apsa, chiwindi nacho sichipuma."

"Amayi awa ndi dokotala tsopano?" anatero Jacinto.

"Ndinalekeza giredi sikisi, achimwene, koma makutu sindinawasiye kusukulu. Inu munafika fomu thuu, tafotokozani ndimve."

Mzere wonse unaseka, ulendo uno kuseka Jacinto. Selestina anatulutsa khadi la kuchipatala m'chitenje napatsa Edmore. Foromaniyo anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mizere.

"Amai Vimbai, bwanji simunandionetse ichi mmawa?"

"Munali otanganidwa ndi kuseka."

Edmore anakanda m'mutu. "Kushedi kosankha fodya kuli malo. Koma ndi ntchito ya azimayi ndi madala, malipiro akenso ndi ochepa. Avomera?"

"Muwauze inuyo, pamaso pa anthu omwewa. Munenenso kuti si mantha."

Edmore anatuma munthu kukamuitana. Laxon anabwera jombo imodzi kuphazi, ina kumanja. Foromani ananena zonse mokweza, m'Chishona kenako m'Chichewa chake chokhotakhota, kuti pasapezeke wonamizira kuti sanamve. Laxon anayang'ana sosala, anayang'ana mkazi wake.

"Yoikira mazira ija?" anafunsa chapansipansi.

"Yomweyo."

Lachitatu mmawa Laxon anayamba kusankha fodya, atakhala pakati pa amayi awiri okalamba.

Zonsezi zinamudyera Selestina nkhuku imodzi ndi mazira ake, theka la tsiku kumunda, bonasi ya usiku imene sidzabweranso, ndi masiku atatu amene Laxon sanamuyankhule. Tsiku lachinayi Laxon anadzuka dzuwa litatuluka, n'kufunsa ngati phala latsala.