Mpando wa Kumanzere kwa Bedi

Mayi wa fizo, wophunzitsa odwala kugwiritsanso ntchito ziwalo zawo, anaika mbale patebulo la odwala n'kumaonerera. Bambo a pabedipo, amene kale anali kalipentala, anadya za kumanja zokha, nkhope yawo itametedwanso tsaya limodzi.

Anavulala mutu pangozi ya galimoto mu Malichi. Amene ankayendetsa anali mwana wawo wamkazi wachisamba, ndipo iye anatuluka wopanda bala. Chiyambire, mtsikanayo ankakhala kumanzere kwa bedi, pafupi ndi chitseko. Amayi ake ankakhala kumanja, kuzenera. Bambowo sanatembenukirepo kwa mwana wawo.

"Ukudikira chiyani? Sakufuna kukuona, suzindikira?" amayi ake anali atamuuza Lolemba. Lachitatu limeneli anabwera ndi chikwama, kudzatsanzika kuti akakhale kwa azakhali ake.

"Mwamaliza kudya, bambo?" anafunsa wa fizo.

"Ndamaliza."

Wa fizo anatembenuza mbale ija. Bambowo anadzidzimuka. "Mwawonjezeratu! Mukufuna bedi lithyoke?"

"Ife timati kunyalanyaza mbali imodzi," wa fizo anauza amayiwo. "Maso ndi abwinobwino. Koma ubongo unavulala kumanja, ndiye chilichonse cha kumanzere kwa iwo kulibe. Mbale, tsaya, ngakhale munthu. Timawaphunzitsa kusakasaka, kutembenuza mutu pang'onopang'ono mpaka aone khoma."

"Ngakhale munthu?" anafunsa amayiwo motsitsa mawu.

"Makamaka akamangokhala duu ngati achemwaliwa." Anakodola mtsikanayo. "Tazungulirani kuno."

Mtsikanayo anazungulira bedi, chikwama chili paphewa. Atafika kuzenera, bambo ake anakweza maso.

"Iwe! Uli moyo? Ndimaopa kufunsa." Anamugwira mkono. "Nthawi yonseyi osabwera kudzandiona?"

Mtsikanayo anayang'ana amayi ake. Wa fizo anayamba kupukuta tebulo lomwe linali loyera kale. Amayiwo anayang'ana zala zawo, kenaka pansi.

"Amabwera tsiku lililonse," anatero. "Malaya mwavalawo amachapa ndi iyeyu. Ndine ndinamuuza kuti mumadana naye."

"Ine ndinanena zimenezo?"

"Simunanene."

Amayiwo anaimirira, anavula chikwama paphewa la mwana wawo, ndipo anafunsa wa fizo kuti kusakasaka kuja amayamba bwanji.