Funso Limene Kezia Ankalidumpha

Kezia analephera mayeso a unamwino wa matenda a maganizo chifukwa cha funso limodzi, ndipo chowawa n'chakuti funsolo ankalidziwa. Zolemba anakhoza, ngakhale mokwawa. Chinamugwetsa ndi mayeso a pamaso. Amakulowetsa m'chipinda, amakukhazikira munthu woyerekeza kudwala, iwe uzimufunsa mafunso mphunzitsi akumvetsera pambali. Akanamupatsa mnyamata wa msinkhu wake, bwenzi zitayenda. Koma anamupatsa bambo wa imvi, wovala jekete, wooneka ngati mkulu wa mpingo. Kezia anafunsa za tulo, za chakudya, za mawu omveka m'makutu. Atafika pa funso lakuti, "Kodi munaganizapo zodzipha?" lilime linakana. Mwana woleredwa ku Nachisaka, wogwada popereka madzi, angafunse bwanji munthu wamkulu zoterozo? Anathokoza bamboyo mwaulemu n'kutuluka.

"Ulemu uli nawo," anatero a Reinford, mphunzitsi wake, "koma wodwalayu wamubweza kunyumba osadziwa zimene zili mumtima mwake. Ubwereza. Ukadzalidumphanso funso limeneli, sukulu yathera pomwepo."

Choncho anapita kumudzi kukakonzekera, poti kukoleji anzake okhoza ankamunyansa ndi chimwemwe chawo. Tsono buku la matenda a maganizo lili ndi khalidwe loipa: ukaliwerenga kwambiri, aliyense amayamba kuoneka wodwala. Kezia ankakhala pakhonde, buku pamiyendo, maso pa anthu. Akatekisiti osamba m'manja pafupipafupi anawapezera dzina la matenda awo. Mayi wogulitsa zitumbuwa, woseka asanamve nkhani, naye anamupezera lake. Koposa onse anali amayi ake aang'ono, a Roza, omwe amakangana ndi nkhuku ngati zimayankha.

"Amayi, ndikuyeseni pang'ono. Lero ndi lachingati?"

"Iwe, sukulu yonseyi sudziwa tsiku?"

"Ingoyankhani. Kodi mumamva mawu a anthu omwe simukuwaona?"

"Tsiku ndi tsiku. Mkazi wa Benjamini kuseri kwa mpandaku amandinena kuyambira m'mawa. Lemba zimenezo, akamumange."

Funso lija Kezia analidumpha, ati poti a Roza anali atatenga kale khasu. Madzulo anakaliyesa pa mbuzi yomangirira kuseri kwa nkhokwe, ndipo linatuluka bwinobwino, mawu osanjenjemera. Mbuziyo inamuyang'ana n'kupitiriza kudya makoko a nandolo.

Munthu yekhayo amene bukulo linalephera kumugwira anali bambo ake, a Tomasi. Chimwalirireni mayi a Kezia dzinja lapitalo, bamboyo anali atafooka, osameta ndevu, kuyankha ndi mutu wokha. Koma ulendo uno Kezia anawapeza ometa, ochapa, akumwetulira. Mtima wake unakhala pansi. Atawapempha kuti ayerekeze wodwala, anavomera msanga, mpaka kukavala jekete la ku Misa n'kukhazika mpando pansi pa mtengo wa mango.

"Unalephera pati kodi?" anafunsa.

"Chakumapeto, ababa."

"Tiye nazo."

Tulo? Bwinobwino. Chakudya? Bwinobwino. Mumtima mukumva bwanji? Bwinobwino, adokotala. Kezia anatsika ndi mafunso mpaka pa malo aja. Anayang'ana imvi za bambo ake, jekete, manja opindidwa pa bondo.

"Basi, ababa. Zikomo."

"Ndachira?" anatero a Tomasi, ndipo anaseka onse awiri.

Komabe panali tinthu tomwe tinkamuyabwa Kezia m'mutu. Wailesi ya bambo ake, imene ali mwana sankaloledwa n'kuikhudza komwe, inkalira kwa a Benjamini. Njinga yawo ankayendera msuweni wake Yohane. Ndipo atatsikira kudambo kukatunga madzi, anapeza anthu onse akuthirira nazale zawo za fodya, koma pamalo a bambo ake panali udzu wokhawokha. Munthu amene chaka chilichonse ankayamba nazale anzake asanagule mbewu!

Anafunsa a Roza akusenda mtedza.

"Wayiwala mwambo, namwino? Chiliza cha amayi ako tinamanga mwezi watha. Akuluakulu akhala pansi, bambo ako tiwasudzula. Anabwera chikamwini, mkazi wapita, munda ndi wa mbumba. Palibe wawathamangitsa ayi, koma munthu amabwerera kwawo. Adzale fodya woti akolola ndani? Azipita ku Ntchisi."

Yankho linali lomveka, ndipo Kezia anachita manyazi kuti buku lamusokoneza mpaka kukayikira bambo ake omwe. Anabwerera pakhonde kukaloweza mayina a mankhwala. Koma chidwi ndi chinthu chosamva. Munthu wosamuka amagawa njinga? Si ndiyo akanamangirirapo katundu? Nanga ku Ntchisiko, kumapiri kumene Kezia anapitako kamodzi ali wamng'ono, kwatsala ndani? Agogo anapita kalekale, azakhali anatsatira. Analingalira zimenezi, kenako anadzikalipira yekha kuti mawa lake ayamba kuyeza ndi agalu omwe.

Tsiku lobwerera kukoleji, mayeso ali mawa lake, a Tomasi anavala jekete lija n'kunyamula chikwama kuti amuperekeze kumsewu. Kwathu kuno nkhani yeniyeni sinenedwa pakhonde. Mlendo amapatsidwa moni, amauzidwa kuti onse ali bwino, amadya, amatsanzika, ndipo chimene chinali pamtima chimatuluka poperekeza, pamene wina watsala pang'ono kutembenuka. Kezia ankadziwa zimenezi ngati mmene amadziwira njira ya kuchigayo, koma sanaganizepo kuti zikukhudzana ndi buku lake.

Anauyamba ulendo, bambo patsogolo. Podutsa msitu wa kumanda a Tomasi anavula chipewa, ndipo sanachivalenso. Dzuwa linali litakwera, minda ili mbee, yodikira mvula.

"Ukakhoze," anatero atafika pamsewu. "Amayi ako ankafuna kukuona mu yunifolomu yoyera. Ndiponso mlongo wako Lonjezo usamutaye. Ndi wamakani, koma amakumvera iweyo."

"Mukulankhula ngati ku Ntchisi ndi kutsidya la nyanja. Mupita liti?"

"Aa, ku Ntchisi ndikatani ine?"

Ananena mopepuka, maso ali kumsewu, ngati akunena za mtengo wa tomato. Pomwepo zonse zinalumikizana m'mutu mwa Kezia. Wailesi, njinga, nazale, ndevu zometa, kumwetulira kuja. Sakutsala kuno. Sakupita ku Ntchisi. Tsamba lina la buku lija, limene analiloweza ngati pemphero osalimva, linanena za munthu amene amaoneka wamtendere chifukwa watsimikiza kale.

Njinga yamoto ya kabaza inatulukira pakhona ikuliza huta. A Tomasi anakweza dzanja kuti aiimitse. Kezia anaikupizira kuti ipite.

"Iwe, uchedwa."

Mantha anamugwira, enieni, oposa a m'chipinda cha mayeso. Lilime linayamba kukana monga mwa chizolowezi chake. Kuima maso ndi maso ndi bambo ake n'kunena mawu amenewo sakanatha. Ndiye anachita chimene thupi lake linkadziwa. Anagwada pafumbi m'mbali mwa msewu, monga ankachitira powapatsa madzi, manja pamodzi.

"Ababa, pepani. Kodi mwakhala mukuganiza zodzipha?"

A Tomasi anayang'ana uku ndi uku. "Dzuka, anthu akuona."

"Sindidzuka."

Ngolo ya ng'ombe inadutsa pang'onopang'ono, woyendetsa akucheuka. Bambo anatsitsa chikwama paphewa n'kuchiika pansi mosamala. Chipewa chinkazungulira m'manja mwawo.

"Wakuuza ndani?"

"Palibe."

"Ndinati ndidikire ulembe kaye mayeso," anatero motsitsa mawu. "Ndisakusokoneze."

Misozi inatsika yokha, koma Kezia sanafuule, sanawadzudzule, sanatchule za tchimo. Zimenezo zokha ankazikumbukira bwino: wodwala akayankha, usamutseke pakamwa, ndipo usamusiye yekha. Anagwira m'mphepete mwa jekete lija.

"Kabaza wina akabwera tikwera tonse. Tikayambira kuchipatala ku Mtengowanthenga. A Reinford ndiwaimbira tili m'njira, za mayeso aone okha."

A Tomasi anamuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali, mwachidwi, ngati munthu amene wamuona koyamba.

"Funso limeneli ndi lija unalephera?"

"Eya, ababa."

"Pali lina lotsatira?"

"Alipo ambiri."

Bamboyo anakoka chikwama, nakhala pamwamba pake m'mbali mwa msewu, mawondo ake pafupi ndi a mwana wawo.

"Funsa," anatero.