Besi ya a Jailosi

A Jailosi Mkwanda ankadziwika m'tauni ya Mangochi ngati katswiri wophika. Anagwira ntchito zaka makumi atatu m'khitchini ya hotela ina ya kunyanja, ndipo atapuma, anthu ankawaitanabe kukaphika pa maukwati. Koma eni akewo akamadzifotokoza sankayambira pa mapoto. Ankati iwo ndi woimba.

Umboni wawo unali chimbale chimodzi chakuda, chaching'ono ngati sosala, chomwe ankachisunga m'sutukesi pansi pa bedi. Chinajambulidwa ku Bulawayo mu 1978, nthawi yomwe ankaphika kumeneko. Iwo ndi anzawo anayi ochokera ku Nkhudzi ndi midzi yoyandikira anali ndi gulu lotchedwa Anyamata a Kumadzi. A Jailosi ankaimba besi, gitala ija ya nsambo zinayi zonenepa, yolira pansi ngati bingu lakutali.

Vuto linali loti palibe anawamvapo. Galamafoni yomwe anabwera nayo inali ndi timasipika tiwiri tating'ono ngati zidutswa za sopo. Tinkatulutsa mawu a woimba, gitala yotsogolera ndi ng'oma pang'ono, koma besi inkathera m'katimo. Papepala la pakati pa chimbalecho panalinso dzina la gulu lokha, popanda dzina la munthu. Akazi awo, a Keti, anachimvetsera kambirimbiri atangolowa m'banja, khutu atagunditsa pa sipika.

"Nanga inuyo muli pati pamenepa?" ankafunsa.

"Ndili pansipo. Tcherani khutu bwino."

"Pansi pake ndikuonapo tebulo ine."

Kenako chaka china mphezi inawotcha ampulifaya ya galamafoniyo, ndipo galamafoniyo nayonso inalowa pansi pa bedi. Ana anakula akuimva nkhani ya besi ngati nthabwala ya pakhomo. Wina akadzitama ndi zomwe sanachite, a Keti ankangoti, "Ameneyu waimba besi," onse n'kuseka. A Jailosi ankaseka nawo, koma kuseka kwake kunkathera pa mano.

Pa Khirisimasi yapitayi mwana wawo wamkulu, Raymond, amene amayendetsa lole ku Joni, anatumiza makina a makono oonera mafilimu ndi kumvera nyimbo. Anali ndi masipika asanu ndi chibokosi chimodzi cholemera chotchedwa sabuufa. Anawalumikiza ndi Edith, chitsiriza wa m'banjamo, amene amakonza mafoni ndi ma TV pa kashopu kake pafupi ndi msika.

Loweruka lina masana akuonera kwaya, makapu a m'kabati anayamba kugundana okha. A Jailosi ananyamuka pampando, anagwada, n'kuika dzanja pa chibokosi chija. Anakhala choncho mpaka nyimbo inatha.

"Edith, chinthu ichi ntchito yake n'chiyani?"

"Chimatulutsa mawu apansi okhaokha, bambo. Enawa amaimba zapamwamba, icho chimanyamula zolemera."

"Zolemera zokhazokha?"

"Eya."

"Nanga chimbale chingaimbe pamenepa?"

Edith anatsala pang'ono kuseka, koma ataona nkhope ya bambo ake anameza kusekako. "Tiyesa," anatero.

Galamafoni itatuluka pansi pa bedi inali yomvetsa chisoni. Mphemvu zinamangamo mudzi, ndipo lamba wozungulitsa mbale yake anali atasungunuka n'kukhala ngati phula. Edith anaiyeretsa ndi burashi ya mano ndi sipiriti, n'kuikamo lamba amene anachotsa m'makina akale a vidiyo ku shopu kwake. Singano anali nayo a Jailosi, yatsopano, yomwe anaisunga zaka zonsezi m'kabotolo ka mapiritsi. Kachidutswa kotseka bowo lalikulu la pakati pa chimbale kanali katasowa, ndiye anasema kena ndi mpeni wawo wa kukhitchini kuchokera ku chitsekerero cha botolo. Kanalowa gwa, ngati kogula.

Kumbuyo kwa galamafoniyo kunali mawaya awiri, wofiira ndi woyera, ndipo kumbuyo kwa makina a Raymond kunali mabowo awiri a mitundu yomweyo. Edith anaona kuti ntchito yatha isanayambe. Panalinso kawaya kachitatu kowonda, kopanda pulagi. Iye anakapinda n'kukamata ndi tepi kuti kasamalendewere.

Lachiwiri ataweruka anayesa. A Keti anakhala pamkeka akusankha mpunga, ngati kuti sizikuwakhudza. Singano itatsika, munamveka mawu okokeka ngati ng'ombe yodwala.

"Ayi, ayi, wachiika pa 33," anatero a Jailosi. "Zing'onozing'onozi zimathamanga pa 45. Kankha kabatani ako."

Edith anakankha, nyimbo n'kuwongoka. Koma mawu ake anali ngati a udzudzu. Anakweza voliyumu mpaka pamapeto, udzudzuwo unangokula pang'ono. Woimba ankamveka chapatali, gitala inkalira mopyapyala, ndipo sabuufa inangokhala duu. A Jailosi anaikaponso dzanja. Sinanjenjemere ngakhale pang'ono.

A Keti anaweramira mpunga wawo. Kenako anati, "Komabe nyimbo yake ndi yabwino." Ananena mofatsa, popanda chipongwe, ndipo Edith anaona kuti kufatsako kunawabaya bambo ake kuposa nthabwala zonse za kale. A Jailosi anachotsa chimbale chawo, anachipukuta ndi malaya, n'kukachibwezera m'sutukesi.

M'mawa mwake Edith sanatsegule shopu. Analunjika kwa Che Swadick, mkulu amene anamuphunzitsa kugwira chowotcherera mawaya. Che Swadick ndi amene amakonza maampulifaya a m'mizikiti ndi m'matchalitchi kuyambira m'tauni mpaka ku Chowe, ndipo m'chipinda chawo chogwiriramo ntchito simuoneka khoma chifukwa cha makina akufa. Anamvetsera nkhani yonse akusisita ndevu.

"Mwanangu, iwe sunalakwitse," anatero. "Makina a lerowa sadziwa chimbale. Singano imatulutsa timphamvu tochepa kwambiri, osati ngati foni. Ndiye palinso china. Opanga zimbale ankachepetsa dala mawu apansi kuti timizere ta pachimbale tisakule, nyimbo ikwane. Ampulifaya yakale inali ndi kachigawo kokweza timphamvuto ndi kubwezeretsa mawu apansiwo. M'makina a mlongo wakowo mulibe. Ndani lero akuimba chimbale?"

"Ndiye kuti besi ija ilimo ndithu?"

"Ngati Che Jailosi anaimba, ilimo. Yangogona."

Anakwera pa mpando n'kutsitsa ampulifaya yadzimbiri imene inafa mbali ya masipika zaka zambiri zapitazo. Kumbuyo kwake kunali mabowo awiri olembedwa PHONO. "Kachigawo kake kali moyo, inshallah. Chotsa wekha. Maso anga atopa ndi tinthu ting'onoting'ono."

Edith anagwira ntchitoyo masiku atatu, pakati pa mafoni a makasitomala. Anadula kabolodi ka kachigawo kaja mosamala, anasintha tizipangizo tinayi totupa totchedwa makapasita, anakapezera kotengera magetsi, n'kukakhazika m'chitini cha mabisiketi, chifukwa Che Swadick anati chitsulo chimatchinga phokoso. Pa chitinicho anaboola mabowo anayi, awiri olowera ndi awiri otulukira.

Loweruka masana anafika nacho kunyumba, Che Swadick ali pambuyo pa njinga yawo. A Jailosi poyamba anakana kutulutsa chimbale.

"Zisiyeni, Che Swadick. Ndakalamba ine, zosekedwa kawiri sindikuzifuna."

"Ndapalasa njinga dzuwa lonseli kuti ndidzaone chitini?" anatero Che Swadick. "Tulutsani. Zikakanika, aseke ine."

Edith analumikiza mawaya a galamafoni ku chitini, ena kuchoka ku chitini kupita ku makina a Raymond. Atangoyatsa, nyumba yonse inadzaza ndi kulira koti mmmmm, ngati njuchi zalowa m'denga. Singano inali isanatsike n'komwe. Edith anagwiragwira mapulagi, phokoso osasintha. Che Swadick anatsegula pakamwa kuti anene kanthu, koma a Jailosi anawatsogolera.

"Kawaya kowonda kaja uli nako pati?"

"Ndinakamata, bambo. Kalibe pulagi."

"Sikafuna pulagi. Kale ndinkakamangirira pa kasikuluwu kumbuyo kwa ampulifaya. Ndikaiwala, inkalira chonchi."

"Waya wa efi umenewo, woletsa phokoso," anavomereza Che Swadick. "Mverani eni ake."

Edith anamatula tepi, anapala nsonga ya kawayako, n'kukamanga pa sikuluwu ya chitini. Njuchi zija zinangoti zii. Munatsala kachete mpaka kumveka nkhuku panja.

A Jailosi anatsitsa singano okha. Munamveka kuthetheka ngati nkhuni zauwisi pamoto, kenako gitala yotsogolera inalowa yokha, yomveka bwino ngati woimbayo wakhala pa sofa. Ng'oma inagunda kanayi. Ndiye besi inalowa.

Inatulukira pansi, n'kudutsa m'simenti mpaka m'mapazi. Makapu a m'kabati anayamba kugundana. Sinkangogunda malo amodzi ayi. Inkayenda, kukwera masitepe atatu, kutsika awiri, kuima pang'ono ngati ikudikira woimba, n'kumunyamula pamene akuyamba mzere wina. Edith anaimva m'chifuwa. Anatembenuka kuti aone bambo ake, ndipo anapeza zala zawo za kumanzere zikuyenda pa thalauza, chilichonse pa nthawi yake, osaphonya ngakhale kamodzi, patatha zaka zoposa makumi anayi.

A Keti anali panja akuyanula zovala. Anaima pakhomo, chitenje chili paphewa.

"Ndinu amenewa?"

"Ndine," anayankha a Jailosi, osakweza mawu.

A Keti anamvetserabe. Anayang'ana chibokosi, anayang'ana zala zija. "Ndiye nyimbo yonseyi mwaisenza ndinu. Enawa angokwera pamsana panu."

A Jailosi anakhala tsonga, chibwano m'mwamba, ngati munthu amene akumujambula chithunzi cha pa chiphaso.

Nyimbo itatha a Keti anati, "Bwezerani." Ulendo wachiwiri anaponya chitenje pampando n'kuyamba kuvina pang'onopang'ono, mapewa okha, monga ankavinira ali mtsikana. Ulendo wachitatu pawindo panali mitu ya anthu oyandikana nawo. Mayi Awa a kuseri, ogulitsa mandasi, analowa osaodira n'komwe.

"Gulu lakuti limeneli? Sindinalimvepo pa wailesi."

"Mukumva chogunda pansicho?" anatero a Keti. "Ndi bambo a kunyumba kuno amenewo. Ku Bulawayo, kalekale, inu musanabadwe."

Edith anaimbira Raymond pa vidiyo, n'kulozetsa foni ku galamafoni. Raymond anali pamalo ena opumira malole. Anamvetsera, akukwinya nkhope.

"Ndikumva gitala ndi munthu woimba. Besi yake ili pati?"

A Keti analanda foniyo. "Kafoni kakoko n'kochepa, sikangawakwanitse bambo ako. Ubwere udzamve wekha ndi mapazi."

Anthu ataseka n'kukhala pansi, Che Swadick ananyamula chimbale n'kuchitembenuza. "Nanga kuseriku kuli chiyani?"

"Kumeneko kusiyeni," anatero a Jailosi msangamsanga. "Kulibe chabwino."

Mawu amenewo ndi amene anachititsa kuti aliyense afune kumva. Edith anayang'ana bambo ake, iwo anapukusa mutu, kenako anakweza manja kuti chitani zomwe mukufuna.

Nyimbo ya kuseri inali yothamanga, ndipo besi inkathamanga nayo bwinobwino. Koma chapakati, pomwe gulu lonse linakhota, besi inapitirira yokha njira yolakwika, kugunda kawiri, isanabwerere mwamanyazi. Sabuufa inatulutsa kuphonyako mokweza ngati zina zonse. Makapu nawo anagundana molakwika.

A Jailosi anaphimba nkhope ndi dzanja, mapewa akugwedezeka. Atachotsa dzanjalo, misozi ya kuseka inali ikutsika.

"Tsiku limenelo ndinali nditapsa chala ndi mafuta a tchipisi," anatero. "Mwini situdiyo anati tepi ndi yodula, sitibwereza. Anzanga anandilimbitsa mtima kuti usadandaule, Jailosi, besi palibe amaimva. Zaka zonsezi ndimadziwa ndekha."

"Lero tamva tonse," anatero Mayi Awa.

"Mwamva. Ndiye mwadziwa kuti anali munthu, chala chake n'ichi." Anaonetsa chala chapakati cha kumanzere, chomwe chinali ndi kachipsera koyera kunsonga. Anthu anasendera kudzachiona, Che Swadick mpaka anavala magalasi.

Kenako a Jailosi anaitana Edith kuti akhale pafupi. Anamuuza kuti awalembere papepala, ndi zilembo zikuluzikulu, batani loyamba kudina ndi lotsatira lake, chifukwa Lolemba iye adzakhala ku shopu, ndipo iwo akufuna kuitana anzawo awiri amene ankaphika nawo ku hotela.