Chilombo cha Siponji

Mafilimu a a Dula ndi oipa, ndipo ndikunena ine amene ndinasoka zovala zake zonse. Za zipi musandiuze, ndikuidziwa. Ndinaichotsa pa chikwama chakale cha paulendo, ndipo chilombo chikatembenuka imaoneka mbee kumsana, kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno. Magazi ndi tomato sosi wothira madzi. Bambo wogulitsa mayunitsi amafa kawiri mufilimu imodzi, koyamba atavala chipewa, kachiwiri alibe. Penapake mtsikana akukuwa kuti chilombo chikubwera, kumbuyo kwake mayi wina akudutsa ndi beseni la zochapa, osatekeseka n'komwe.

A Dula ndi ometa tsitsi. Dzinalo linachokera pa mmene amakuwira akafuna kuti kamera iime. Mkati mwa sabata amameta anthu, Loweruka amabwereka kamera kwa msuweni wawo wojambula maukwati n'kutitsogolera ku dambo la kuseri kwa fakitale yakale ya matabwa. Filimu ikatha amaiika pa TV ya m'babashopu mwawo, anthu n'kumaonera podikira mpando, ena n'kutengera m'mafoni. Amaseka mpaka kugwira nthiti. Sindikwiya nazo, inenso ndimaseka.

Koma pali malo amodzi pamene kuseka kumatha. Madzi amayamba kugwedezeka, mutu n'kutuluka, kenako mapewa. Chilombo chimaima. Chimapuma, ndipo kupumako kumamveka. Chimazula mwendo umodzi m'matope ngati sichikufuna, n'kuimanso. Pamenepo a Dula eni ake amazimitsa makina ometera, munthu mutu uli theka, ndipo ana osuzumira pawindo amabwerera m'mbuyo. Zipi imakhala ili pomwepo koma palibe amaiona.

M'kati mwa chilombocho munkakhala achimwene anga.

Achimwene amamata matayala pafupi ndi siteji ya mabasi. Ndi munthu wamkulu thupi, wofatsa, wachibwibwi chibadwire. Akayamba mawu anthu amawamalizira. Makasitomala amawamalizira, akazi awo amawamalizira, ine ndiye katswiri, chifukwa pakamwa pangapa sipadikira munthu. A Dula anawasankha chifukwa cha msinkhu, komanso chifukwa chilombo sichilankhula.

Chovalacho ndinachipanga ndi zimene zinalipo: siponji ya matiresi akale, masaka, ndi mphira ya machubu otha a kuntchito kwa achimwene. Chikauma sichilemera kwenikweni. Koma siponji imamwa madzi, abale inu. Achimwene akakhala m'madzi kudikira kuti a Dula akonze kamera, potuluka ankakhala ngati asenza thumba la simenti thupi lonse. Kayendedwe kaja anthu amakatama sikanali luso la zisudzo ayi. Kanali kulemera.

Chaka chino achimwene anagwa kuntchito akukweza tayala la lole. Kuchipatala anati mtima watopa. Mankhwala tsiku ndi tsiku, mchere pang'ono, zolemera asanyamulenso. Patapita miyezi ingapo alamu anabwera ku shopu kwanga, n'kukhala pa benchi ya makasitomala osavula n'komwe chikwama paphewa.

"Alamu, mwamva kuti a Dula akufuna kujambula ina?"

"Ndamva."

"Achimwene anuwo avomera kale. Ine ndalankhula mpaka malovu kuuma. Chinthucho munasoka ndinu, chitanipo kanthu."

Kukana kokha sikukanathandiza. Achimwene akati akupita, akupita, ngakhale atavala masaka okha. Ndiye ndinati ndisoke china, chopepuka. Ndinagula nsalu ya malenikoti yobiriwira, yosalowa madzi. M'kati ndinaikamo zoyera zopepuka zija amatchingira ma TV m'makatoni, ndinazipempha ku sitolo ya zamagetsi. Mamba ndinadula limodzilimodzi n'kuwasanja bwinobwino. Zipi ndinaibisa m'khwapa, pansi pa kansalu, kuti aliyense wonena za zipi achite manyazi. Chitatha ndinachinyamula ndi dzanja limodzi. Achimwene anabwera kudzayesa, anaima pagalasi, anakweza manja, anawerama, palibe pothina. Ndinanyadira, sindinama.

Telala amayesa chovala pagalasi. Za madzi sizinandibwerere m'mutu.

Loweruka kunacha bwino, kopanda mphepo. Dambo linali phee, achule okha. A Dula anaimika kamera pa malo awo a nthawi zonse, pa chitsa cha mtengo wa bulugama. Mtsikana wokuwa, amene mkati mwa sabata amagwira ntchito mu famase, anakhala pamwala akuyesa mawu pang'onopang'ono kuti asaphwetse mmero nthawi isanakwane. Ine ndinaveka achimwene chovala chatsopano. Mutu ndi manja zinali zakale zomwe zija, ndinazitulutsa m'thumba lomwe munali chovala chakale.

Achimwene analowa m'madzi mpaka m'chiuno, mpaka pachifuwa. A Dula anati, "Mirani tsopano!"

Anamira. Nthawi yomweyo matako a chilombo anatumphuka pamwamba ngati chigubu chopanda kanthu. Anayesanso, miyendo ndiyo inatulukira. Wamayunitsi anabwera ndi nsungwi kuti awakanikize, akakanikiza kuno kwinaku kukuyandama. Mtsikana wa mu famase anaseka mpaka kutsetsereka pamwala. Ngakhale achimwene, m'kati mwa mutu wa mphira uja, tinawamva akuseka.

"Palibe kanthu," anatero a Dula akupukuta misozi. "Bisalani m'mabangomo, mungotulukira."

Anabisala, a Dula anapereka chizindikiro, chilombo chinatulukira. Chinayenda chowongoka, mopepuka, ngati munthu wopita kukagula sopo pa golosale. Tonse tinaunjikana kuonera pa kagalasi ka kamera. Palibe anaseka ulendo uno, ndipo palibe anaopa.

A Dula anakanda m'mutu. "Mayi, chovalachi ndi chokongola, kuposa zonse munasokapo. Koma apa tikungoona munthu wovala chovala." Anayang'ana thumba lija, kenako anatsitsa mawu, koma osatsitsa mokwanira. "Chakalecho chilipo, eti? Mwina sabata yamawa ndibwere ndi mphwanga achivale iyeyo. Ndi wamtali ndithu."

Achimwene anali atavula mutu. Anandikodola, tinapita pambali, pansi pa mtengo pomwe tinasiya zikwama.

"Ndi-ndipatse chakale."

"Ayi."

"Ka-ka..."

"Kamodzi kokha? Kamodzi n'kokwanira kuika munthu m'bokosi, achimwene. Adokotala anati chiyani?"

Anakweza dzanja, likadali m'chikhadabo cha mphira. "U-usandimalizire."

Chibadwire changa anali asanandiuzepo zimenezo. Ndinatseka pakamwa. Zinatenga nthawi, chifukwa akakhumudwa mawu amakakamira kwambiri, ndipo ine ndinaima pamenepo lilime likundiyabwa. Anati kuntchito akayamba kufotokoza vuto la tayala, munthu amayang'ana foni. Anati kunyumba akafuna kunena kanthu, nkhani imakhala itapita kale kwina. Anati pa TV ija amadziona akuchedwa, akuima, akupuma, ndipo chipinda chonse chili chete.

"Mu-muja," anatero akuloza thumba, "a-anthu amandidikira."

Ndinawamvera chisoni, ndinakwiya, ndinachita mantha, zonse pamodzi. Ndinamasula thumba.

"Kamodzi," ndinauza a Dula. "Kamera ikhale yokonzeka asanalowe. Mukawadikiritsa m'madzimo, ndikuponyani momwemo ndi kamera ya eni akeyo."

"Mayi, mawu anu ndi lamulo."

Sanawadikiritse, chilungamo ndinene. Koma siponji yakale, youma miyezi yonseyi, inali ndi ludzu. Achimwene anamira bwinobwino, madzi anatseka pamwamba pawo, dambo linabwerera phee.

Kenako madzi anagwedezeka. Mutu unatuluka, mapewa anatsatira, ndere zikulendewera. Chinaima nthawi yaitali kuposa kale lonse. Chinazula mwendo, chinaimanso. Kupuma kwake kunkamveka mpaka pamene ndinaima. Mtsikana wa mu famase anaiwala kukuwa, anangogwira pakamwa. Chilombo chinagwada ndi bondo limodzi, chinadzukanso movutika, ndipo a Dula, diso lili pa kamera, ankanong'ona, "Eee, zimenezo, zimenezo, musasiye."

Ine ndinkayang'ana manja. Chilombo chija manja ake amalendewera m'mbali, chifukwa siponji ya m'mapewa ndi yochindikala ndipo kuwakweza n'kovuta. Tsopano dzanja lamanja linali m'khosi, likukoka mphira.

Ndinalowa m'madzi ndi nsapato zomwe. Zipi sindinalimbane nayo, inali itadzaza matope. Sizasi imakhala m'thumba la epuloni yanga nthawi zonse. Ndinalowetsa pakhosi n'kudula chotsitsa, masaka, mphira, siponji, ndikung'amba ndi manja pomwe sizasi ikukana. Madzi anakhuthuka ngati ndaboola thanki. Nditazula mutu uja, nkhope ya achimwene inali yotuwa, milomo yakuda, maso ali pa ine koma osandiona. Anakoka mpweya kamodzi, ndi phokoso loipa, kenako kachiwiri.

A Dula ndi wamayunitsi anawanyamula mpaka kumsewu, n'kuimitsa galimoto ya matabwa. Malo anali ochepa, a Dula ndi amene anakwera nawo. Ine ndinati nditsatira ndi zikwama.

Sindinatsatire nthawi yomweyo. Chovala chija chinali chili gone m'mphepete mwa madzi, chong'ambika kutsogolo kokha. Ndinachiyang'ana ndi maso a telala, ndinaona kuti ndi ntchito ya tsiku limodzi kuchibwezeretsa. Ndipo ndinadziwa kuti achimwene akachira adzabwera nacho ku shopu, adzaima pakhomo, ndipo ine ndidzamasulanso thumba. Ndiye ndinagwada pamatope n'kuyamba kudula. Ndinadula manja, ndinadula mutu pakati, siponji ndinainyenyanyenya mpaka zala kutuluka matuza. Wamayunitsi, atabwerako kumsewu, anaima chapatali ndi nsungwi yake. Kudula koyamba kunali kopulumutsa munthu. Kwachiwiriku ndinachita dala, ndipo lero lomwe ndikhoza kubwereza.

Kuchipatala anakhalako masiku angapo. Adokotala anatikalipira tonse, ndipo anali ndi chifukwa. Alamu anandikumbatira pakhonde la wodi. Achimwene atayamba kukhala tsonga anafunsa za chovala, wamayunitsi n'kuwauza zonse, poti pakamwa pake palibe chitseko.

A Dula sanataye chilichonse. Filimu yatsopanoyo imathera pamenepo: chilombo chagwira pakhosi, ndipo mayi wa epuloni, amene sanaonekepo mufilimu yonse, akutulukira kumbali n'kuchipha ndi sizasi. Anadula chithunzi nkhope isanaoneke. Palibe akudziwa kuti mayiyo ndi ndani m'nkhanimo kapena wachokera kuti, ndipo nsapato yanga imaoneka ikutsalira m'matope. Anthu amaseka nsapatoyo. Koma amati chilombo sichinayendepo moopsa chonchi, ndipo amapempha kuti abwezere pamenepo. A Dula anabwera kudzandifunsa ngati ndingasoke china cha siponji, choti avale mphwawo. Ndinawauza kuti chimene ndingasoke ndi pakamwa pawo.

Achimwene sabweranso ku shopu. Kale ankadutsa masana aliwonse, kukhala pa benchi, kumwa madzi, ine ndikulongolola iwo akumvetsera. Tikakumana panjira amayankha moni ndi mutu basi. Sanandikalipire, sanandinenere kwa munthu. Alamu akuti mankhwala akumwa, akugona bwino, matayala a lole asiyira anzawo. Akuti ku babashopu amakameta, koma amakhala chofulatira TV.

Dzulo masana ndinawaona akubwera mumsewu wathu, ovolosi yakuntchito ili m'khwapa, bondo lake long'ambika likulendewera. Ndinachotsa nsalu pa benchi, ndinasintha ulusi pa makina kuika wabuluu. Anafika pakhomo panga, sanacheuke. Anawoloka msewu n'kulowa kwa telala wa kutsidya, uja amasoka mizere yokhota ngati njira ya woledzera.

Zinandipweteka, ndipo ndinalira pang'ono, nkhope ndili nayo ku makina kuti kasitomala asaone. Patapita kanthawi anatuluka chimanjamanja, anaima kudikira njinga idutse, n'kubwerera kuntchito kwawo, akuyenda ndi miyendo yawo. Asoketse komweko.