Mzere Wotsiriza wa a Makiyi

Mng'ono wanga ndiye amalemba mapulogalamu a kompyuta pafakitale yathu yosoka zovala. Ine ndimasoka makolala, thukuta kamukamu, iye ali phee mu ofesi ya fani. Za nsanje musandifunse.

Pageti pali makina odindapo chala. Ukalowa kapena kutuluka, amalemba mzere: dzina ndi nthawi. Mizereyo imayenda mondondozana kupita ku lipoti la abwana, ndipo panjira pakepo mng'ono wanga analumikizapo sefa yochotsa mizere yobwereza, poti ena timadinda kawiri.

Lolemba abwana anaitanitsa a Makiyi, bambo wachikulire amene amatseka mawindo ndi kuzimitsa masimbi tikaweruka.

"Lipoti likuti miyezi itatu simunadindepo potuluka. Mumazemba masana, eti? Lachisanu mutule makiyiwo."

"Ndamva, bwana," anatero a Makiyi, chipewa chili m'manja.

Zinandiwawa mpaka ndinasoka kolala mozondotsa. Nthawi yopuma ndinamulowera mng'ono wanga.

"Iwe, zimakina zakozi zikumudyera munthu ntchito."

"Makina sanama, asisi."

"Ndiye akunama ndani? Ine? Ndimawasiya akusesa ulusi tsiku lililonse!"

Anandiyang'ana cham'mbali, koma anatsegula kompyuta. Masiku awiri sanandilankhule. Lachitatu anandikokera pakhonde, nkhope ili gwaa.

"Asisi, wolakwa ndine. Sefa yanga imagwira mzere uliwonse mpaka wotsatira afike, kuti iyerekeze ngati ndi wobwereza. Mzere wotsiriza ulibe woutsatira. Pulogalamu ikatseka njira pakutha pa tsiku, umafera m'sefamo. Ndinaiwala kuiuza kuti potseka izitulutsa chomwe yagwira."

"Ndiye wotsiriza kutuluka…"

"Amasowa. Tsiku lililonse."

Apa ndiulule, magazi ndi magazi. Ndinati, "Ingokonza mwakachetechete, unene kuti makina anasokonekera." Mesa ndine ndinamugulira kompyuta yoyamba ndi makolala omwewa?

"Ngakhale abwana akhulupirire zimenezo, lipoti lakale silisintha, a Makiyi apitabe," anatero.

Lachinayi anakonza sefayo, nadutsitsamo mizere yonse yakale yomwe makina apageti anasunga. Kenako analowa kwa abwana ndi mapepala awiri, a Makiyi ali pambuyo. Ine ndinapezeka ndikufuna lumo pafupi ndi chitseko.

"Bwana, lipoti linanama chifukwa cha ine. Loona ndi ili."

Abwana anamukalipira, eee, mpaka mawindo kunjenjemera. Mwana wa mayi anga anangoima njo, osaloza munthu wina. Atatopa kukalipa, abwana anatsitsa magalasi n'kuyamba kuwerenga. Mizere 78, dzina limodzimodzi, yonse itadutsa sikisi koloko.

"Ndiye inu mumatuluka omaliza tsiku lililonse?"

"Nanga masimbi ndisiyire ndani, bwana?"

Lachisanu, ndikutuluka, ndinamva makiyi akulira m'thumba mwa a Makiyi ngati kale. Anandiimitsa pageti.

"Mayi, mtsikana wa kompyuta uja ndi mwana wa ndani?"

Ndinadinda chala kawiri dala. Sefa ikachotsa yokha.

"Ndi mng'ono wanga, bambo. Bere limodzi."