Ng'oma Siwoloka Popanda Chigoli

Tsiku limene akuluakulu a ligi analengeza kuti malire a zigawo asintha, Iorwuese anali padoko la Mbakon akutsitsa zilazi m'bwato. Nkhaniyo inatuluka m'kawailesi ka mayi wogulitsa nsomba zouma: kuyambira chaka chino malire ndi mtsinje wa Benue, matimu a tsidya lino apita kuchigawo cha kummwera, a tsidya linalo atsala kumpoto. Anthu anayamba kukangana za kutalika kwa misewu. Iorwuese anangokhala pathumba, maso ali ku Ajio, tauni ya tsidya, kumene kunali ng'oma ya bambo ake.

Kale ligi inali imodzi, ndipo timu inkatha masiku m'basi kupita kukagonja kunyanja n'kubwerako miyendo itatupa. Ataigawa pawiri, Mbakon ndi Ajio anaikidwa limodzi kumpoto, ndipo chidani chokoma chinayambira pomwepo. Chaka chimenecho a Gbenda, bambo a Iorwuese, anasema ng'oma ya ochemerera, n'kupangana ndi woimba ng'oma wa ku Ajio, mowa wamapira uli m'mutu, kuti timu ikagonja ng'oma yake izitsala kwa opambana, ndipo isawoloke mtsinje kufikira eni ake atapambana pabwalo. Zambiri zopangana pamowa zimaiwalika kukacha. Izi zinasanduka lamulo.

Masewero omaliza a chaka chatha Mbakon inagonja ndi chigoli chopusa, goloboyi ataterereka yekha popanda womukhudza. Iorwuese, amene anali atalandira ng'omayo manja a bambo ake atayamba kunjenjemera, anaisiya kwa Agbu, woimba ng'oma wa Ajio, yemwenso anali mwamuna wa mlongo wake Nguveren. Anaisiya akuseka, amvekere muisunge bwino alamu, ikubwera mvula ikatha. Tsopano matimu awiriwa akanakumananso pokhapokha onse atatsogola m'zigawo zawo, ndipo aliyense wodziwa mpira ankadziwa kuti Mbakon inazolowera kumchira ngati nkhupakupa.

A Gbenda anali atagona pamphasa kuyambira nthawi yokolola. Maso anali atatha, koma makutu ndi pakamwa zinali zakuthwabe. Lamulungu lililonse mphepo ikamachokera kumpoto, ankaimva ng'oma yawo ikulira tsidya, chifukwa Agbu ankaiomba dala kuti a Mbakon amve kuwawa.

"Tamverani chitsirucho," ankatero a Gbenda. "Akuomba ngati akupuntha mapira. Mwana wanga anakwatiwa ndi munthu wa manja a khasu."

M'mawa wina Nguveren, amene anali atawoloka kudzasamalira matenda, anaitanira Iorwuese m'nyumba. Nkhalambayo inali itakana phala ndipo mawu ake anali atachepa.

"Iwe," anatero a Gbenda, "ndikufuna ndiimve ng'oma yanga ikulankhula bwino ndisanapite. Ndatopa kuimva ikutukwanidwa."

"Ndipita ndikaipemphe, bambo. Alamu sangakane."

"Kupempha? Ine ndinasema ng'oma, sindinaseme mbale ya wopemphetsa. Ukabwera nayo yopempha ndidzafa nditatseka makutu."

"Ndiye nditani, bambo? Ndikamwetse chigoli ndekha?"

"Ukanatha, bwenzi utamwetsa kalekale," anatero a Gbenda, n'kutembenukira kukhoma.

Iorwuese anatuluka mtima ukumuwawa, mkwiyo ndi chisoni zitasakanikirana. Munthu wouma mutu sasintha chifukwa choti akufa. Komabe anatsikira kudoko n'kukwera bwato lainjini, osadziwa chimene akukachita.

Anamupeza Agbu pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa bwalo, ali ndi ochemerera anzake angapo. Atangomuona anayamba kumuseka.

"Taonani mlendo wakummwera! Mwabwera ndi chiphaso, alamu? Kuno n'kunja tsopano."

"Mwabwera kudzaona mwana wanu wamasiye?" anawonjeza wina. "Akunenepa, musadandaule."

Agbu ataona nkhope ya Iorwuese anazindikira msanga kuti zinthu sizili bwino. Anamugwira mkono n'kupita naye m'kachipinda kosungiramo mbendera. Ng'oma inali pampando, yopakidwa mafuta, zingwe zake zitamangidwa bwino. Iorwuese atafotokoza, Agbu anavula nsalu ya paphewa.

"Tiikulunge, alamu. Tiika pakati pa matumba a makala, palibe aone. Aja ndi apongozi anga, ngakhale amanditukwana. Komanso lamuloli latha ntchito. Matimu akumpoto akubwera opanda ng'oma, opanda anthu, ine ndikuombera mipando."

Iorwuese anaigwira ng'omayo, ndipo kunena zoona anafuna kuinyamula n'kuthawa nayo. Koma ankawadziwa bambo ake. Akanafunsa kuti tapambana zingati, ndipo bodza kwa munthu amene akufa silikanatuluka pakamwa pake. Anagogoda chikumba ndi chala, ng'oma inayankha ndi mawu ake akale, ndipo apa m'pamene anakumbukira za Lamulungu ndi mphepo ya kumpoto.

"Alamu, panganolo likuti ng'oma isawoloke. Kodi linanenapo za amene aziiomba?"

Agbu anamuyang'ana, n'kupukusa mutu. Ananyamula ng'omayo onse awiri kutsikira nayo kumchenga, ochemerera aja akuwatsatira mwakachetechete. Iorwuese anaimbira foni mlongo wake kuti apeze amuna anyamule bambo ndi mphasa yawo yomwe, akawaike padoko.

"Achimwene, bwererani," anatero Nguveren akulira. "Kupuma kwasintha. Mukachedwa simuwapeza."

"Akunditchula?"

"Akutchula ng'oma."

Bwato linali pomwepo, mwini wake akudikira anthu. Iorwuese analiyang'ana nthawi yaitali. Akakwera, akafika chimanjamanja, n'kugwira dzanja la bambo ake monga mwana woyamba ayenera kuchitira. Akatsala, anthu a ku Mbakon adzanena mpaka kale kuti mwana wa a Gbenda anali ku Ajio, pakati pa adani, tsiku limene bambo ake ankatsirizika. Anachita mantha, mantha enieni.

"Anyamuleni," anatero, n'kudula foni.

Dzuwa linali litapendeka pang'ono pamene anaona tianthu tsidya tikutsika ndi chinthu chachitali n'kuchiika pansi pa mthunzi. Nkhope sizinkaoneka, koma nsalu yachikasu ya Nguveren inkaoneka. Iorwuese anaika ng'oma pakati pa miyendo n'kuyamba ndi kaombedwe kamene bambo ake ankalandirira nako timu ikamalowa m'bwalo, kapang'onopang'ono, kolemera. Kenako analowa kaombedwe ka chigoli, kamene sikanamvekepo pamchenga wa Ajio popanda ndewu.  Wina wa ku Ajio anavula chipewa.

Foni ya Agbu inalira, anali Nguveren. Anamvetsera, n'kuseka misozi ili m'maso.

"Apongozi akuti tsopano ikulankhula, alamu. Akutinso dzanja lanu lamanzere likuchedwa."

Iorwuese anafulumizitsa dzanja lamanzere. Thukuta linamulowa m'maso, mapewa anayamba kuyaka, koma sanaleke. Asodzi anaimitsa mabwato pakati pa madzi. Anaomba nyimbo zonse za zaka za kumpoto, za masewero amene anapambana ndi amene anaberedwa, mpaka anaona nsalu yachikasu ija ikugwa pansi. Patapita kamphindi, kulira kwa amayi kunawoloka mtsinje n'kufika pamene iye anali.

Manja ake anaima okha. Anazindikira kuti sadzadziwa konse ngati bambo ake anafuna dzanja loti aligwire pamapeto pake.

Agbu anagwada pambali pake, n'kuyala nsalu yake ya paphewa ija.

"Tsopano itengeni, alamu. Mwini lamulo wapita. Ikalire pamaliro."

Ochemerera a Ajio anavomereza ndi mitu, ndipo mmodzi anali atayamba kale kuitana wabwato. Iorwuese anapukuta thukuta lake pachikumba ndi chikhatho, pang'onopang'ono, n'kuimirira. Anainyamula ng'omayo n'kuiika m'manja mwa mlamu wake.

"Tsiku loika maliro muiombere pompano," anatero. "Koma chonde alamu, musaombe ngati mukupuntha mapira."

Anakwera bwato chimanjamanja, n'kukhala chofulatira Ajio.